Yatsani Nyali, Mnzanu Akuoneni

Chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala ukamayandikira, Akhristu m'maparishi mwathu amayamba kupempherera mvula. Pa Misa ya Lamulungu sipalephera kuimirira mai kapena bambo wopempha Mulungu kuti atigwetsere mvula yabwino, yopanda mphepo ndi ziphaliwali, kuti mbeu zimere ndipo ana asagone ndi njala. Pempherolo n'loyenera, pakuti moyo wa ambiri a ife ngwa khasu. Koma makolo adatichenjeza kale kuti walira mvula walira matope. Mvula imene imameretsa chimanga ndi yomweyonso imene imatereretsa misewu, kubisa maenje, kudzaza mitsinje ndi kuphimba maso a oyendetsa magalimoto. M'munda dzinja ndi nyengo ya chiyembekezo, koma pa msewu ndi nyengo yofuna kusamala koposa nyengo zina zonse.

Mwina wina adzafunsa kuti, kodi wansembe wayamba liti ntchito ya apolisi a pamsewu? Yankho langa n'lakuti ngozi ikachitika, apolisi akayeza malo ndi kulemba zao, amene amaitanidwa pambuyo pake ndi wansembe. Ndi iye amene amathamangira ku chipatala ndi mafuta a odwala, ndipo ndi iye amene amaima kumanda pamaso pa mai wamasiye ndi ana ake, kufunafuna mau oti anene. Ndidziwanso kuti ambiri mwa inu owerenga mulibe galimoto. Komabe nonse mumayenda pa msewu. Mumakwera minibasi, mumakwera kabaza, mumatuma mwana kusukulu m'mbali mwa msewu wa tala. Moyo wanu tsiku ndi tsiku umakhala m'manja mwa munthu wogwira chiwongolero amene simumdziwa n'dzina lomwe. Nchifukwa chake nkhaniyi ndi yathu tonse.

Ndikupemphani kuti tsiku lina mudzaime pafupi ndi galimoto, mudzaizungulire ndi kuwerenga nyali zake. Mudzapeza kuti nyali zimene zimathandiza dalaivala kuona kumene akupita ndi ziwiri zokha zazikulu za kutsogolo, ndi ina yoyera ya kumbuyo imene imayaka pobwerera chambuyo. Zina zonsezo, tinyali ta m'makona, nyali zofiira za kumbuyo, nyali za mabuleki, nyali zophethira zosonyeza kumene galimoto ikukhotera, dalaivala saziona n'komwe akakhala pa mpando wake. Zimayakira anthu ena. Ndizo pakamwa pa galimoto: zimauza mnzathu kuti ndili pano, ndikuima, ndikukhota, samala. Wopanga galimoto adadziwa kuti pa msewu munthu sapulumuka ndi maso ake okha, amapulumukanso ndi maso a anzake.

Zimenezi sindidaziphunzire ku seminale. Adandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene ankayendetsa galimoto ya pa mishoni pamene ndinali kuchita chaka changa cha utumiki ndisanadzozedwe. Tsiku lina masana, tili pa ulendo wokapereka katundu ku tchalitchi cha kumudzi, kumwamba kudada ndipo mvula idayamba kudontha. Dzanja lao limene lidayatsa mawaipa ndi lomwelo lidayatsanso nyali. Nditawafunsa chifukwa chake, popeza msewu unali kuoneka bwinobwino, adandiyankha osacheuka: “Abulazala, nyalizi si zanga ai. Ine maso ndili nao. Ndayatsira uyo akubwera kutsogoloyo, ndi wina amene ali m'mbuyo mwathumu amene sitikumuona.” Munthu ameneyu sadapite patali ndi sukulu, koma m'mau ochepawo adanena zonse zimene mabuku a chikhalidwe cha Chikhristu amanena pa za kukonda mnzako.

Madalaivala ambiri amaganiza kuti nyali ndi za usiku. Mvula ikamagwa masana amati, “Ine ndikuona, ndiyatsirenji?” Ena amati batire litha, ena amati mababu apsa msanga. Za batire si zoona, pakuti injini ikamalira imadzipangira yokha magetsi ndi kudzaza batirelo. Babu ndi chinthu chogulika pa sitolo. Choti tidziwe n'chakuti mvula yamphamvu ikagwa, matayala a magalimoto amautsa madzi ooneka ngati utsi, ndipo galimoto yotuwa, yoyera kapena yasiliva, monga zilili zambiri zimene timagula zogwira kale ntchito ku Japan, imasowa mu utsi umenewo ngati njoka mu udzu. Woyendetsa lole akayang'ana pa galasi lake la pambali lodzaza ndi madontho, chimene angathe kuona ndi kuwala kokha. Ngati simudayatse nyali, kwa iye kulibe munthu kumeneko. M'madera ena a ku America adachita kukhazikitsa lamulo lakuti woyatsa mawaipa ayatsenso nyali. Ife tisadikire kuti wina atikakamize. Ndipo nyali zoyenera ndi zazikulu zija zili pa dimu, osati tinyali ta paki tokha, timene tidapangidwira galimoto yoima.

Magalimoto a makono abweretsanso msampha wina umene ambiri saudziwa. Ena mwa iwo ali ndi nyali za kutsogolo zimene zimayaka zokha injini ikangolira, ndipo mawotchi a pa chiwongolero amawalanso okha. Dalaivala poona kuwalako amakhulupirira kuti nyali zonse zayaka, pamene kumbuyo kuli mdima bii. Ena ali ndi kachipangizo koyatsa nyali kukada, koma kachipangizoko kamayeza mdima, sikayeza mvula kapena nkhungu. Masana a mvula kangathe kungokhala chete. Tsono munthu wanzeru sasiyira makina ntchito ya chikumbumtima chake. Amatembenuza yekha chotsegulira nyali, kuti atsimikize kuti wobwera m'mbuyo akuona zofiira ziwiri patsogolo pake.

Kuyatsa nyali ndi kwina, kuyatsa bwino ndi kwinanso. Usiku wa mvula, munthu akalephera kuona, mtima umamuuza kuti aike fulu. Koma madontho a mvula ndi nkhungu amabweza kuwalako m'maso mwa mwini wake, kotero kuti patsogolo pamangooneka chipupa choyera. Amene adayendapo ku Chikangawa, pa mapiri a Dedza, kapena ku Thyolo m'nyengo ya chiperoni adziwa zimene ndikunena. Dimu imaunika pansi, pa msewu penipeni, ndipo ndiyo imathandiza. Magalimoto okhala ndi nyali za nkhungu adaziika m'munsi pa chifukwa chomwecho. Nyali ya nkhungu ya kumbuyo, yofiira kwambiri ija, ndi yabwino pamene kutsogolo sikukuoneka konse, koma kukangoyera iyenera kuzimitsidwa, chifukwa imathobwa wotsatira ndipo imabisa nyali za mabuleki.

Choipa chachikulu cha fulu n'chakuti imachititsa khungu mnzathu wochokera kutsogolo. Pa msewu wonyowa kuwala kumachita kunyezimira kawiri, kuchokera ku nyali ndi kuchokera pa tala. Apa ndipo pamaonekera mtima wa munthu. Wina akaiwala kuchotsa fulu, mnzake m'malo momkumbutsa ndi kuphethira kamodzi amabwezera, naye n'kuika fulu, kuti aone amene ali ndi nyali zamphamvu. Tsono pamakhala akhungu awiri othamangitsa zitsulo zolemera molunjikana. Diso lothobwedwa limatenga masekondi angapo kuti liyambenso kuona, ndipo galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. M'mamita amenewo, kumanzere kwa msewu, muli bambo wa njinga wonyamula matumba a makala, muli mai wobereka mwana wochokera ku chipatala. Kawirikawiri amene amalipira mkangano wa madalaivala awiri ndi munthu wachitatu amene sadalakwire aliyense. Yezu potiletsa kubwezera choipa sadapatulepo msewu wa M1.

Tinenenso za galimoto za diso limodzi. Babu likapsa, mwini wake amati adzagula mwezi ukatha, ndipo amayendabe usiku. Wobwera kutsogolo amayesa ndi njinga yamoto, nasiya malo okwanira njinga yamoto, ndipo amazindikira mochedwa kuti kumbali kwa nyaliyo kuli theka lina la lole. Chimodzimodzi ngolo ya thirakitala kapena ya ng'ombe yopanda chonyezimira kumbuyo, ndi galimoto imene nyali zake zakutidwa ndi matope a m'njira za kumudzi. Kupukuta nyali ndi kansanza sikutenga mphindi ziwiri, ndipo sikulira ndalama.

Pali nyali zinanso zimene timazigwiritsa ntchito molakwika, ndizo mahazadi, zija zophethira mbali zonse nthawi imodzi. Kwathu kuno tazipatsa ntchito zambiri: pa mdipiti wa ukwati, pa ulendo wa maliro, ngakhale pa mphambano posonyeza kuti tikupita molunjika. Mvula ikakula ambiri amaziyatsa n'kumayendabe, poganiza kuti akuoneka bwino. Cholinga chao n'chabwino, koma taganizani zimene nyalizo zimanena. Zidapangidwa kuti zinene kuti pano pali galimoto yoima kapena pali choopsa. Wobwera m'mbuyo mu mvula sadziwa ngati mwaima kapena mukuyenda. Ndiponso pamene mahazadi akuphethira simungathe kusonyeza kuti mukukhotera kumanja kapena kumanzere, pakuti mababu ake ndi omwewo. Tsono aliyense akayatsa mahazadi akuyenda, galimoto imene yafadi pakati pa msewu siisiyananso ndi zinzake. Kuwayatsa kanthawi kochepa pochenjeza a m'mbuyo kuti kutsogolo magalimoto aima mwadzidzidzi n'kwanzeru. Kuyenda nao makilomita ambiri kuli ngati kukuwa kuti kwagwa chilombo pamene kulibe. Tsiku lodzagwa chilombocho palibe adzatuluke.

Madalaivala athu ali ndi chinenero chao cha nyali chimene sichidalembedwe m'buku. Woyendetsa lole amaphethira kumanja pouza wa m'mbuyo kuti asapitirire, ndipo amaphethira kumanzere pomuuza kuti njira yayera. Mwambo umenewu uli ndi mtima wothandizana, ndipo ndimauyamikira. Koma mu mvula yamphamvu wa loleyo naye saona patali, ndipo mwina akuphethira chifukwa akufuna kukhotadi. Moyo wa anthu amene mwanyamula sungadalire diso la munthu wina. Ngati simukuona nokha kutsogolo, khalani pambuyo pa loleyo ndipo mupirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyali zokha sizikwanira ngati phazi lili lolemera. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Ngati mvula ikukulolani kuona mamita 50 okha, ndiye kuti kuchokera pamene mwaona mwana mu msewu kufikira pamene mwamfika sipadutsa masekondi awiri. Sekondi yoyamba imathera pa kuzindikira ndi kusuntha phazi. Akatswiri a za pamsewu amatiuza kuti pa msewu wonyowa mtunda woimira galimoto umatha kuwirikiza kawiri, ndiponso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wogwirira mabuleki umawirikiza kanai. Nchifukwa chake amalangiza kuti mpata wa masekondi awiri umene timasiya pakati pa ife ndi galimoto ya kutsogolo kukakhala kouma, ukhale wa masekondi anai kukagwa mvula. Kuyeza kwake n'kosavuta: galimoto ya kutsogolo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, werengani pang'onopang'ono mpaka kanai, mukafika pamalopo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Lamulo lalikulu ndi ili: yendani pa liwiro loti mungathe kuima m'kati mwa mtunda umene maso anu akuona.

Mvula yoyamba, ija timaitcha chizimalupsa, ndiyo yonyenga koposa. Miyezi yonse ya chilimwe fumbi, mafuta odontha m'magalimoto ndi zinyenyeswa za matayala zimaunjikana pa tala. Madzi oyamba akasakanizika nazo, msewu umaterera ngati therere. Pambuyo pake, mvula ikakhazikika, vuto limakhala madzi oima. Mizere ya pa tayala idaikidwa kuti izikankhira madzi kumbali. Tayala likatha n'kusalala, kapena liwiro likakula, madzi amalowa pakati pa tayala ndi msewu, ndipo galimoto imayandama ngati bwato. Chiwongolero chimapepuka, mabuleki sagwira. Zikatero munthu asaponde buleki mwamphamvu kapena kukhotetsa mwadzidzidzi. Achotse phazi pa moto pang'onopang'ono, agwire chiwongolero molunjika, mpaka matayala agundenso pansi. Koma mwini minibasi amene amatumiza galimoto pa msewu ndi matayala osalala, n'kumuuza dalaivala kuti madzulo abweretse ndalama zakutizakuti, adziwe kuti pa ngoziyo dzanja lake lilipo, ngakhale iye anali kunyumba.

Ulemu wa pa msewu umaonekeranso pa zinthu zazing'ono. Ndani mwa ife sadaonepo ana a sukulu atavala yunifolomu yochapa dzulo, makope ali m'jumbo, galimoto n'kuwathira madzi a matope thupi lonse, dalaivala osacheuka n'komwe? Kapena mai wochokera ku chigayo, ufa uli pamutu, n'kuthaphwitsidwa ndi munthu amene wakhala pouma, wailesi ikuimba? Palibe wapolisi amene adzalembe mlandu umenewo, koma ufawo unali chakudya cha banja cha sabata yathunthu. Wa m'galimoto ali ndi denga, woyenda pansi alibe. Woyenera kudikira mnzake pa malo owolokera ndi amene sakunyowayo. Pa misika ya m'mbali mwa msewu, monga pa Lizulu kapena pa Bembeke, mvula ikayamba anthu amathamanga kuwoloka ndi katundu wao, mitu ili pansi, maambulera atawaphimba kumaso. Hutala sathandiza pamenepo, pakuti mvula ikusokosera. Chothandiza ndi kuchotsa phazi pa moto.

Kenaka pali mitsinje. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adadula misewu ku Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, milatho yambiri itakokoloka. Zaka zimenezo zidatiphunzitsa mphamvu ya madzi. Komabe dzinja lililonse pamapezeka dalaivala woima pa mlatho wosefukira, anthu n'kumamlimbikitsa kuti, “Ingolowani, adutsa anzanu pompano.” Akatswiri a zanyengo amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 15 angathe kugwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 angathe kunyamula galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale zazikulu. Nyali, ngakhale ziwale chotani, sizionetsa za pansi pa madzi a matope. Mwina mlathowo udapita kale. Mwambo wa Mpingo umatisimbira za Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, amene timamkumbukira pa 25 Julaye, kuti ntchito yake inali kuwolotsa anthu pa mtsinje woopsa. Ulemerero wake unali wakuti amene adawanyamula adakafika kutsidya. Dalaivala amene wagoneka anthu ake tsidya lino, akudandaula ndi njala ndi udzudzu, koma onse ali moyo, ndiye amene watsata mapazi a woyerayo.

Nthawi zina nzeru ndi kuima. Mawaipa akalephera kuchotsa madzi ndipo mzere wa pakati pa msewu sukuoneka, munthu afune malo abwino, atulukiretu mu msewu, kutali ndi pokhota, pa mlatho kapena pansi pa mtengo waukulu, ndipo pamenepo ndiye ayatse mahazadi, pakuti tsopano akunena zoona. Mvula ya mkuntho kawirikawiri siikhalitsa. Galimoto ikafera pa msewu, chizindikiro chofiira cha ngodya zitatu chiikidwe patali ndithu, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti wobwera apeze mpata woima. Masamba amene timathyola ndi kuyala mu msewu amathandiza masana, koma usiku wa mvula saoneka, ndipo madzi amawakokolola. Galimoto ikakonzeka, masambawo ndi miyala imene tidatchingira matayala tizichotse. Mwala wosiyidwa pa tala usiku ndi msampha wotchera mwana wa mnzathu wa pa njinga yamoto.

Wina angaganize kuti izi ndi nkhani za dziko chabe, zosakhudza chikhulupiriro. Mpingo suganiza choncho. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Gaudium et Spes, ndime 30, udadandaula za anthu amene amapeputsa malamulo a moyo wa pamodzi, ndipo pakati pa zitsanzo udatchula malamulo a kayendetsedwe ka magalimoto, ponena kuti anthu otere saganiza kuti kusasamala kwao kukuika pa ngozi moyo wao ndi wa anzao. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa ndime 2290, amaika kuyendetsa munthu ataledzera ndi kukonda liwiro pansi pa lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, ndipo amati ndi mlandu waukulu. Mu Juni 2007 bungwe la Papa limene pa nthawiyo linkayang'anira za anthu osamuka ndi apaulendo, motsogozedwa ndi Kadinala Renato Martino, lidatulutsa malangizo a utumiki wa pa msewu, m'mene mudali malamulo khumi a oyendetsa magalimoto. Chikalatacho chidaona chinthu chimene tonse timachidziwa: kuti munthu wofatsa kunyumba ndi kutchalitchi angathe kusanduka wina akakhala pa chiwongolero, galimoto n'kukhala chida choonetsera mphamvu ndi kupondereza ofooka.

Kukula kwa nkhaniyi kumaoneka pa ziwerengero. Lipoti la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO la mu 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiye ali patsogolo pa imfa zimenezi, ngakhale magalimoto ake ndi ochepa. Pa maliro timakonda kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu, kapena kuti tsoka silinunkha. Mauwa amatonthoza, koma tisamale kuti tisamsenzetse Mulungu katundu wathu. Mulungu sadafune kuti babu lisagulidwe, kapena kuti dalaivala amwe kachasu asananyamuke. Pokonzekera Sakramenti la Kulapa timadzifunsa za kutukwana, za kuba, za kujomba ku Misa. Ndi angati mwa ife amene amadzifunsa kuti, kodi sabata ino ndidaika moyo wa munthu pa ngozi ndi kayendetsedwe kanga? Funso limene Mulungu adafunsa Kaini, lofuna kudziwa kumene kunali mbale wake, limafunsidwanso kwa aliyense wogwira makiyi.

Inu amene simuyendetsa muli ndi gawo lanu. Nthawi zambiri ndi apaulendo amene amanyoza dalaivala wosamala, kumufunsa ngati wanyamula mazira, pamene wothamanga amamtama kuti ndiye mwamuna. Mu minibasi yothamanga mu mvula aliyense amaopa mumtima, koma onse amakhala chete, kudikira kuti wina ayambe. Yambani inu, mwaulemu: “A dalaivala, chonde chepetsani, ndipo yatsani nyali, tonse tili ndi ana kunyumba.” Mudzaona kuti ena adzakuvomerezani. Anyamata a kabaza, ambiri mwa inu ndinu a m'makwaya ndi m'magulu athu a achinyamata: nyali ya njinga yamoto iziyaka usana ndi usiku, chipewa choteteza mutu chizikhala pamutu, chanu ndi cha amene mwamnyamula, ndipo njinga yakapalasa ikhale ndi chonyezimira kumbuyo. Makolo, phunzitsani ana kuyenda kumanja kwa msewu, moyang'anana ndi magalimoto obwera, popeza kwathu kuno magalimoto amayenda kumanzere. Auzeni kuti kuona galimoto sikutanthauza kuti dalaivala wawaona, ndipo kukada avale chowala, kapena anyamule tochi.

Akhristu ambiri akagula galimoto kapena njinga yamoto amabwera nayo ku parishi kuti idalitsidwe, ndipo ife ansembe timachita zimenezi mokondwa. Pemphero la dalitsolo limapempherera makamaka anthu amene adzayendemo, kuti ayende mosamala ndi moganizira anzao. Madzi odalitsidwa si chithumwa, ndipo kolona yolendewera pa galasi siilowa m'malo mwa mabuleki. M'fanizo la anamwali khumi, pa Mateyo mutu 25, onse anali ndi nyali, onse adaitanidwa ku ukwati, ndipo onse adaodzera. Chidawasiyanitsa ndi chimene adachita kusanade. Chomwechonso nyali za galimoto sazikonza mvula itayamba. Loweruka lina, mvula isanakhazikike, bambo kapena mai akhale pa chiwongolero, mwana aime kumbuyo, azinena ngati zofiira zayaka, ngati za mabuleki zayaka zonse, ngati zophethira zikuphethira. Ayang'ane mphira za mawaipa, zimene dzuwa la Okutobala limaumitsa, ndi mizere ya matayala. Mwana amene wathandiza pa ntchito imeneyi sadzaiwala, ndipo tsiku lina adzakhala iye pa chiwongolero.

Mu 2005 bungwe la United Nations lidavomereza kuti Lamulungu lachitatu la mwezi wa Novembala likhale tsiku lokumbukira onse amene adafa kapena kuvulala pa ngozi za pamsewu. Kwa ife tsikuli limagwa bwino, pakuti Novembala ndi mwezi wopempherera mizimu ya abale athu omwalira, ndiponso ndi mwezi umene mvula imayamba. Ndikupempha miphakati ndi malimana athu kuti pa tsiku limeneli adzatchule maina a anthu a m'dera lao amene adatsikira kuli chete chifukwa cha msewu, adzayendere amasiye ndi olumala amene adatsala, ndipo adzaitane madalaivala, makondakitala ndi anyamata a kabaza kuti apemphere nao pamodzi, popanda kuwaweruza, pakuti ntchito yao ndi yolemetsa ndipo tonse timaidalira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambuye atipatse mvula yokwanira chaka chino, ndipo onse amene atuluke m'nyumba zao m'mawa, pa galimoto, pa njinga kapena pansi, akabwerere kwa ana ao madzulo.